NDODO YA MAGIYA IKAYAMBA KUGWEDERA

Munthu amene afika pa Mbare Musika mbanda kuca apeza magalimoto ang'ono-ang'ono a katundu atandandalika kale, ena atasenza matimati a ku Mutoko ndi ku Murehwa, ena ndiwo zamasamba za ku Domboshava. Ambiri a magalimoto awa ngakale kwambiri, ndipo ena aposa pa zaka anyamata amene awayendetsa. Ku Malawi amawacha mapikapu, ku Harare amati mabhaki. Pikapu imodzi yotere idyetsa banja lonse, ndipo tsiku limene igona pabwalo osayenda, ndarama sizilowa m'nyumba.

Nkhani ino iri kunena za nthenda imodzi imene igwira magalimoto otere akakalamba, ndiyo kugwedera kwa ndodo yosinthira magiya. Nthendayi imayamba pang'ono-pang'ono. Poyamba ndodo ingonjenjemera ndi kulira pamene injini iri kuthamanga. Pambuyo pace woyendetsa ayamba kufuna-funa giya monga munthu wobvundula nsima mumphika. Potsiriza giya imacoka yokha galimoto iri kuyenda. Apa ndi pamene pali ngozi, pakuti pikapu yolemedwa, potsika phiri monga la Christmas Pass pafupi ndi Mutare kapena la Boterekwa ku Shurugwi, idalira injini kuti iigwire. Giya ikacoka, kulemera konse kugwera mabureki okha, ndipo mabureki akatentha aleka kugwira.

ENI ACE NDI MAGALIMOTO AO

Mbare ndiyo komboni yakale koposa zonse za mumzindawu. Inayambika m'caka ca 1907, ndipo dzina lace linali Harari, dzina limene mzinda wa Salisbury unatenga mu 1982. Pambuyo pa Mbare panamangidwa Highfield, Mabvuku, Mufakose, Tafara, Dzivarasekwa, Glen Norah ndi ena. M'malo awa mukhala anthu ambiri amene makolo ao anacokera ku Nyasaland, ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, ndi ku Tete. Ena anadza pansi, ena pa malole a Ulere, ena analembedwa ndi Mthandizi, ndipo ambiri sanabwererenso kwao, nakhala machona. Zidzukulu zao zilankhula Cishona, koma ku Mabvuku ndi ku Tafara Cinyanja cimvekabe pa maliro ndi pa bwalo la gule wamkuru.

Magalimoto nao ali ndi mbiri yao. Kampani ya Ford inatsegula fakitale yolumikiza magalimoto ku Willowvale mu 1961. Boma la Ian Smith litadzipatula ku Britain mu 1965, maiko ena analeka kucita nalo malonda, a Ford anacoka, ndipo mu 1967 fakitaleyo inalowa m'manja mwa Industrial Development Corporation. Mu 1989 a Mazda a ku Japan analowamo, dzina nilikhala Willowvale Mazda Motor Industries. Mapikapu ambiri a Mazda B1600 ndi B1800 amene ayendabe m'makomboni anaturuka m'menemo. Palinso Nissan 1400, imene inayamba ndi dzina la Datsun 1200 mu 1971, nipangidwa ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria kufikira 2008. Ndiponso Peugeot 404, imene inaoneka koyamba ku France mu 1960, ndipo yotsiriza inalumikizidwa ku Kenya mu 1991. Zaka za kusowa kwa ndarama zakunja, ndi kugwa kwa dola ya Zimbabwe mu 2008, zinaphunzitsa anthu kusataya citsulo cimene cingathe kukonzeka.

ZA M'KATI MWA BOKOSI

M'bokosi la magiya muli magudumu a mano amene alumana awiri-awiri nthawi zonse. Ndodo siikankha magudumu amenewa ai. Imene ikankhidwa ndi mphete yacitsulo yokhala pakati pa magiya awiri, imene amakaniko amaicha silivi. Mpheteyo ikatsetsereka kutsogolo igwira giya imodzi ndi kuimangirira ku shafuti yopereka mphamvu ku matayala a pambuyo. Ikabwerera kumbuyo igwira giya inzace. Ikaima pakati siigwira kanthu, ndiyo nyutulo. Pakati pa silivi ndi giya pali mphete ina yamkuwa, dzina lace synchro, imene ilinganiza liwiro la ziwirizo zisanalumane. Kampani ya Cadillac ku America ndiyo inayamba kugulitsa magalimoto okhala ndi synchro mu 1928. M'mabokosi akale giya yobwerera m'mbuyo iribe mphete yamkuwayi.

Kucokera ku dzanja la woyendetsa kufikira ku silivi pali zitsulo zingapo zopatsirana mphamvu. Coyamba ndi ndodo yeni-yeniyo. Ca kumunsi kwace iri ndi mpira wacitsulo wokhala m'kacikho ka pulasitiki, kamene ndi bushi, ndipo sipiring'i ndi cibvundikiro ziupanikiza kuti usaturuke. M'mbali mwa mpirawo muli mpata m'mene mulowa kacikhomo koletsa ndodo kuzungulira. Ndodo igwira nchito monga mtengo wotukulira mwala: dzanja likakankha mutu wace kutsogolo, nsonga ya pansi ipita kumbuyo. Nsongayo nayo kawiri-kawiri ibvala bushi yaing'ono.

Caciwiri ndi mipiringidzo yacitsulo yogona mondondozana m'bokosi. Kawiri-kawiri iripo itatu: wina wa giya yoyamba ndi yaciwiri, wina wa yacitatu ndi yacinai, wina wa giya yobwerera m'mbuyo, pamodzi ndi yacisanu ngati iripo. Woyendetsa akapendeketsa ndodo kumanzere kapena kumanja ali kusankha mpiringidzo. Akaikankha kutsogolo kapena kumbuyo ali kusuntha mpiringidzo umene wasankhawo. Pa mpiringidzo uli wonse pamangidwa foloko, yooneka ngati mphanda, imene manja ace awiri alowa m'ngalande ya silivi.

Cacitatu ndi tinthu tating'ono timene anthu ambiri sationa. Mpiringidzo uli ndi timaenje, ndipo kampira kacitsulo, kokankhidwa ndi sipiring'i, kagwera m'kadzenje kamodzi pa nyutulo ndi kena pamene giya yalowa. Kugunda kumene dzanja limva giya ikalowa ndiko kampirako kali kukhazikika. Pakati pa mipiringidzo palinso tizikhomo tacitsulo. Mpiringidzo umodzi ukasuntha ukankha tizikhomoto kuti tilowe m'maenje a inzace, motero inzaceyo siingasunthe. Popanda tizikhomo timeneti magiya awiri angathe kulowa nthawi imodzi, bokosi nkumangika, matayala a pambuyo nkuima mwadzidzidzi.

Cifukwa cace ndodo igwedera kwambiri ngakhale citsulo cadyeka pang'ono cokha ndi ici. Ngati ndodo iri masentimita 30 pamwamba pa mpira ndi masentimita 5 pansi pace, mpata wa milimita 1 ku nsonga ukhala mamilimita 6 ku dzanja. Malo atatu akadyeka motero, dzanja liyenda pafupi-fupi masentimita 2 lisanasunthe kanthu m'bokosi.

KUZINDIKIRA NTHENDA

Sing'anga wabwino ayamba wafunsa asanapereke mankhwala, ndipo makaniko wabwino acita cimodzi-modzi. Magalimoto ambiri atsitsidwa bokosi pamene bokosi linalibe mlandu.

Ngati magiya onse alowa bwino injini itazima, koma akukuta mano injini ikalira, makamaka yoyamba ndi yobwerera m'mbuyo, mlandu uli pa kilachi imene siilekana bwino ndi injini. Pamenepo ayang'ane mafuta a kilachi kapena waya wace. Ngati giya imodzi yokha ndiyo ikukuta, kawiri-kawiri yaciwiri, mphete yace yamkuwa yatha. Ngati giya yalowa koma ndodo ipendekekabe uku ndi uku momasuka, mabushi a pamwamba adyeka. Imeneyi ndiyo nthenda yocepa mtengo, ndipo icizika bokosi liri pa galimoto. Ngati ndodo iyenda pali ponse popanda kugwira kanthu, galimoto nikhala m'giya imodzi, ndiye kuti nsonga yaturuka m'malo mwace kapena cikhomo ca foloko caduka.

Kucoka kwa giya kuli ndi magwero ambiri. Ikamacoka pa mabampu ndi m'maenje a mumseu, makaniko ayambe waona mphira zimene injini ndi bokosi zikhalapo, pakuti zikang'ambika bokosi lidumpha, ndodo nigunda m'mphepete mwa bowo lace. Zikakhala zabwino, aone masipiring'i a timipira tija. Pa mabokosi ena afikika pomasula mabauti a kunja. Koma giya ikamacoka pamene woyendetsa acotsa phazi pa mafuta, kawiri-kawiri foloko yadyeka, kapena mano ang'ono a silivi ndi a giya aphwa, kapena mabering'i alekerera shafuti. Pamenepo bokosi liyenera kutsika.

KUMASULA

M'makomboni nchito yambiri icitikira pabwalo la nyumba kapena m'mbali mwa mseu, kopanda dzenje la m'galaja. Galimoto iime pa malo osalala, matayala achingidwe ndi mitengo kutsogolo ndi kumbuyo, waya wa batire acotsedwe. Munthu asalowe pansi pa galimoto yokwezedwa ndi jeke yokha kapena yosanjikidwa pa njerwa. Jeke itsika, njerwa iphwanyika mosacenjeza. Zofunika ndi miyendo yacitsulo kapena zipika za mtengo wolimba.

Ndodo iikidwe pa nyutulo isanacotsedwe. Makaniko amasula mutu wace, nabvula mphira yophimba bowo, napukuta pfumbi lonse pamwamba pa bokosi asanatsegule kanthu, cifukwa mcenga ukagwera m'kati udya mabering'i. Cogwira ndodo cisiyana ndi mtundu wa galimoto: pena ndi mbale yacitsulo ya mabauti, pena mphete ya sipiring'i yocotsa ndi pulaya, pena cibvundikiro cimene munthu acipanikiza ndi kucipotoza. Ndodo ikaturuka, zidutswa za bushi yakale zitoledwe zonse, ndipo bowo litsekedwe ndi nsaru yoyera.

Ngati nchito ifika ku mafoloko, mafuta akhetsedwe m'beseni ndi kuwayang'ana. Pfumbi lonyezimira ngati golidi ndi mkuwa wa synchro. Tizidutswa tacitsulo ndi mano kapena cikhomo coduka. Mafuta ooneka ngati mkaka asonyeza kuti munalowa madzi. Shafuti yaitali ya pansi ilembedwe cizindikiro isanamasulidwe kuti idzabwerere monga inaliri. Injini icirikizidwe kumbuyo kwace. Bokosi nlolemera, lifuna anthu awiri, ndipo likokedwe molunjika kumbuyo osalilola kulendewera pa shafuti yolowa m'kilachi. Pa mabokosi ena mafoloko aturukira pamodzi ndi cibvundikiro ca pamwamba, koma pa mapikapu ambiri a ku Japan bokosi liyenera kugawidwa.

Apa mpofunika kudekha, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Timipira ndi tizikhomo ticotsedwere m'beseni, cifukwa kampira kakagwa mumcenga wa pabwalo sikapezekanso. Ka mpiringidzo uli wonse kaikidwe m'citini cace-cace, popeza masipiring'i ena asiyana utali. Lamya za m'manja zijambula zithunzi, ndipo wanzeru ajambula ciri conse asanacicotse.

ZOYENERA KUTAYA NDI ZOYENERA KUSUNGA

Zitsulo zonse zitsukidwe ndi parafini ndi kuumitsidwa. Mpira wa ndodo ukhale wobulungira ndi wosalala, ndipo mpata wa kacikhomo usakhale wokula. Mpiringidzo ugubuduzidwe pa galasi. Wopindika udziulula wokha podumpha-dumpha. Milomo ya timaenje tace ikadyeka, kampira sikagwiranso. Foloko ilowetsedwe m'ngalande ya silivi, ndipo mpata wotsala uyesedwe ndi timasamba tacitsulo toyesera. M'mabuku ambiri a opanga magalimoto malire ace ali pakati pa theka la milimita ndi milimita 1. Masipiring'i ayerekezedwe ndi atsopano. Kukoka sipiring'i yotopa kuti italike nkudzinyenga, pakuti ibwerera msanga pamene inali.

Ku Harare zipangizo zifunidwa m'masitolo a mu Kaguvi Street, ku Gazaland ku Highfield, ndi ku Siyaso pa Magaba ku Mbare, msika umene unagwetsedwa pa Murambatsvina mu 2005 koma unadzukanso. Wokagula atenge citsulo cakale m'thumba ndi kuciyerekeza ndi catsopano pamaso pa wogulitsa, cifukwa magalimoto a dzina limodzi ali ndi mabokosi osiyana monga mwa zaka zao. Afunsenso kwa amakaniko akuru amene anagwira mabokosi otere zaka zambiri. Safunsa anadya phula.

Bushi ikasowa m'sitolo, amisiri okhala ndi makina osemera zitsulo angathe kusema ina ya nailoni kapena ya mkuwa, ngati apatsidwa ndodo ndi cikho cace kuti ayese. Imeneyi ndi nchito yabwino ndipo ikhalitsa. Foloko yacitsulo yodyeka manja ingathe kuwocheredwa mkuwa ndi kupalidwa kufikira ifike pa muyeso wace, koma mbali zonse ziwiri zilingane, cifukwa foloko yopendeka ikankha silivi cam'mbali. Foloko yopindika kapena yang'aru itayidwe.

Pali njira zina zacidule zimene zibala mabvuto. Cidutswa ca paipi ya madzi kapena ca chubu ca tayala m'malo mwa bushi cigwira sabata zowerengeka, kenaka mafuta ndi kutentha zicisungunula. Msomali m'malo mwa cikhomo ca foloko ngoopsya koposa. Cikhomo ceni-ceni ncacitsulo ca sipiring'i, cobowoka ndi cong'ambika m'litali, motero cidzipanikiza cokha m'bowo. Msomali ngwofewa, ugwedera, ndipo tsiku lina ugwera pakati pa mano a magiya.

KUMANGANSO

Pomanga, mipiringidzo ilowa umodzi-umodzi, uli wonse pa nyutulo, ndipo kacikhomo kapakati kaikidwe mpiringidzo wotsatira usanalowe. Girizi pang'ono agwira kacikhomoko kuti kasagwe. Mafoloko ayang'ane kumene anayang'ana kale, ndipo zikhomo zao zikhale zatsopano, zokhomedwa ndi panchi ya muyeso wace. Pambuyo pace alowa timipira, masipiring'i ndi mabauti ao.

Bokosi lisanakwere pa galimoto liyesedwe pansi. Makaniko azungulitsa shafuti ya kutsogolo ndi dzanja, nalowetsa magiya onse imodzi-imodzi, naona kuti ya kumbuyo izungulira bwino. Kenaka, giya imodzi iri m'kati, ayesa kukankha mpiringidzo wina. Ukasuntha, kacikhomo kena kaiwalika, ndipo kuli bwino kumasulanso lero kusiyana ndi kukazindikira pa mseu wa ku Nyamapanda.

Mpira wa ndodo ndi mabushi atsopano apakidwe girizi. Mphira yophimba ikhale yatsopano ngati yakale yang'ambika, pakuti ndiyo ichinga pfumbi la cilimwe ndi madzi a dzinja. Mafuta athiridwe pa bowo la m'mbali kufikira ayambe kutayikira pa mlomo wace, galimoto itaima molingana. Bauti wa bowo lothirirapo amasulidwe poyamba, wa pansi pambuyo, kuopa kukhetsa mafuta kenaka nkupeza kuti pothirira pakana kutseguka. Mabokosi ambiri a ku Japan afuna mafuta a magiya a nambala 90 kapena 80W-90, ndipo a mtundu wa GL-4 ndiwo akomera mphete zamkuwa. Koma bokosi la Peugeot 404 limwa mafuta a injini. Buku la galimotoyo ndilo liweruza.

NDODO YA PA CIONGOLERO

Peugeot 404 ndi mapikapu ena akale ali ndi ndodo pa ciongolero, osati pansi. M'kati mwa bokosi nchito ndi yomweyo, koma pakati pa dzanja ndi bokosi pali timitengo tacitsulo tolumikizana, kena kosankha mpiringidzo, kena kolowetsa giya. Mfundo iri yonse iri ndi bushi kapena kampira kace, ndipo kudyeka kwa zonsezo kuonjezana. Ubwino wace ngwakuti zonse ziri kunja ndipo zikonzeka bokosi losatsika. Womasula ayese utali wa kamtengo kali konse, kapena awerenge mizere ya nati, asanapotoze kanthu. Pomanga, ndodo ndi bokosi zonse ziwiri zikhale pa nyutulo, ndipo kamtengo katalikitsidwe kapena kufupikitsidwa kufikira kalowe pa malo ace popanda kukakamiza.

KUSUNGA NCHITO YABWINO

Bokosi lokonzedwa bwino lingaonongekenso msanga ndi makhalidwe a woyendetsa. Ambiri akonda kugoneka dzanja lamanzere pa ndodo ulendo wonse. Kulemera kwa dzanjalo kupanikiza foloko pa silivi imene iri kuzungulira, ndipo foloko idyeka. Ena, giya ikayamba kucoka, aimanga ndodo ndi legeni kapena auza mnyamata wa katundu kuti aziigwira. Kutero kubisa nthenda masiku ocepa, koma kutentha ndi kumariza foloko ndi silivi pamodzi. Giya yobwerera m'mbuyo ilowetsedwe galimoto itaimiratu, kilachi itapondedwa mpaka pansi. Mafuta ayang'anidwe kawiri-kawiri, makamaka pakaoneka madontho pamene galimoto igona. Katundu wopyola muyeso alemetsa mano, mabering'i ndi mphira zonse za pansi.

Mwini galimoto amene sadziwa kugwira sipanala ali nayo mbali yace. Apangane mtengo ndi makaniko nchito isanayambe, apemphe kuti zitsulo zonse zocotsedwa azione ndi maso ace, ndipo poyesa galimoto akhalemo, ayende nayo pokwera ndi potsika, acotse phazi pa mafuta m'giya iri yonse kuti aone ngati ikhazikika. Mtengo wa mabushi ndi masipiring'i ngwocepa pouyerekeza ndi wa bokosi lina, ndipo bokosi la galimoto imene inaleka kupangidwa lisowa caka ndi caka. Cifukwa cace ndodo ikayamba kunjenjemera ndi kulira, nthawi yoyang'ana mabushi ndi sabata yomweyo, giya isanayambe kucoka yokha.